Mphasa Yonyowa ndi Mapazi a Madala

Pa nkhani yokolopa ndinkadziona ngati katswiri ndisanakwere n'komwe ndege yobwera ku Doha. Ndinakulira ku Ndirande m'nyumba ya zipinda ziwiri, koma khonde lathu linkadziwika mzere wonse. Mayi ankati munthu akakolopa n'kusiya pansi pali ponyowa, ameneyo sanakolope, wangosambitsa fumbi. Lamulo lawo linali lakuti ukolope, upukute ndi nsanza youma, kenako upake polishi mpaka uzione nkhope. Ukasiya dontho limodzi khutu lako linkadziwa. Zimenezi zinandilowa m'magazi, ndipo ndi zomwe zinandipezetsa ntchito pa loji ina mu Blantyre, kenako kontirakiti ya kampani yoyeretsa kuno.

Kampaniyo inandiika pa sukulu ina ya anyamata ku Al Hilal, pakati pa nyumba za mipanda italiitali. Tinkagona ku Najma, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ndipo basi ya kampani inkatitula pa geti ana asanafike. Gawo langa linali holo ya masewera. Pakati pa holoyo panali chimphasa cha raba, chabuluu, chojambulidwa mkombero wachikasu, chachikulu kuposa nyumba yathu ya ku Ndirande kuphatikiza khonde lomwe. Kochi ankachitcha mati, ine ndinkangoti mphasa. Anyamata akaweruka m'kalasi ankabwera pamenepo kudzaphunzira kugwetsana. Ankagwirana m'khosi, kukhudzana masaya, kupanikizana nkhope pansi, thukuta lili kamukamu. Akachoka, mphasa yonse inkatsala ndi zidindo za misana.

Tsiku loyamba a supavaiza anandipatsa kiyi, chikolopa, ndowa ndi botolo la mankhwala lopanda cholembedwa chilichonse. Mankhwalawo ankachita kutithirira kuchokera m'chigubu chachikulu cha ku sitolo. Anati zotsekera ziwiri m'ndowa imodzi, ndikolope masana anyamata asanabwere, khalas, kutanthauza kuti nkhani yatha. Sindinafunse china. Ndikanafunsa chiyani, ine mwana wa mayi aja?

Ndinkakolopa, inde, koma sindinkalekera pamenepo. Ndinadzigulira thaulo langalanga lalikulu pa msika wa ku Najma. Chikolopa chikangodutsa, ndinkagwada n'kupukuta msangamsanga madzi asanasiye mizere, kuyambira ngodya ina mpaka ina. Mphasa inkatsala ili waliwali. Kochi ankati pa masukulu onse omwe anaphunzitsapo sanaonepo mati owala chotero, ndipo ine ndinkavomereza chifukwa zinali zoona. Ndikamaliza, thaulo ndinkalitsukuluza pa mpopi, kulifinya, n'kulikoleka pa msomali m'kabati yanga ya kunsi kwa masitepe, yopanda zenera.

Amalawi pa sukulupo tinalipo awiri. Mnzangayo anali bambo wachikulire wa ku Machinga, Msilamu, wa ndevu zoyamba imvi, amene ankasamala zimbudzi ndi makolido. Tonse tinkangowaitana kuti madala. Anali munthu wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyankha. Ine ndine wa tchalitchi, koma kutali kuno munthu wolankhula chinenero chako ndi m'bale wako. Chipinda chopempherera cha sukulu chinali pamwamba m'nyumba ina, masitepe ambirimbiri, ndipo masana chinkadzaza ana. Madala mawondo ankawavuta, choncho ankaswali m'kasitolo ka matsache, atayala kansalu kawo kopempherera pa matailosi. Tsiku lina ndinawapeza akulephera kudzuka, dzanja lili pa ndowa.

“Madala, mawondo amenewa muwamaliza,” ndinatero. “Bwanji muzibwera ku holo? Ndikamaliza kupukuta pamakhala fifitini minitsi anyamata asanafike. Mphasa ija ndi yofewa.”

“Iyayi mphwanga, ungalowe nazo m'mavuto.”

“Mafi mushkila, palibe vuto. Kiyi ali ndi ine. Komanso malo oyera kuposa pamenepo pa sukulu pano mungawapeze kuti?”

Anaseka, nati pakudzitama pokha ndiye anandipatsa mphoto. Koma kuyambira tsikulo ankabwera. Ankayamba ndi kutawaza, kusamba kuja kwa Asilamu asanapemphere, nkhope, manja mpaka mapazi. Kenako ankavula masilipasi pakhomo, kuyala kansalu kawo pa ngodya ya mphasa, n'kuswali. Ine ndinkakhala pa benchi kusilira ntchito ya manja anga.

Chipere choyamba ndinachiona ndine. Mnyamata wina anawerama pafupi nane kumanga nsapato, ndipo pakhosi pake panali kamkombero kofiira m'mbali, kotuwa pakati, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Munthu amene anaphunzira pulayimale ku Ndirande safuna dokotala kuti azindikire chipere. Ine zipere zinandigwira m'mutu ndili Sitandade 3, titameta gulu lonse ndi lezala limodzi, ndipo ndinapakidwa zonse zomwe anthu ankadziwa, kuyambira utomoni wa papaya mpaka mankhwala otsukira mano. Ndinapita kwa kochi n'kuwauza. Iwo anayang'ana patali, nati ndi kukhulika chabe, mwana wakwechesa khosi pa mati. Ndinawauza kuti kukhulika sikujambula mkombero. Anandigwira paphewa mwaubwenzi, ngati akuti iwe samala chikolopa chako.

Pasanathe masabata awiri zipere zinali pa mikono, pa masaya, wina kuseri kwa khutu. A nesi a pa sukulu, mayi wachete wovala magalasi, anaona anyamata onse mmodzimmodzi n'kuimitsa masewera. Anyamata anaphonya mpikisano wa masukulu womwe anaukonzekera teremu yonse. Makolo anayamba kufika pa geti ndi magalimoto awo akuluakulu, ndipo sanabwere kudzacheza. Ine, kunena zoona, mumtima ndinkanyada. Ndinanena ine, sanandimvere.

Makolo akakwiya pamafunika munthu woti alozedwe chala. Akuluakulu anapita kukaona makamera, ndipo Lachitatu ine ndi madala tinaitanidwa ku ofesi ya mudiri, mkulu woyang'anira antchito pa sukulupo. A supavaiza anatembenuza kompyuta kuti tione. Pa chithunzipo ndinaoneka ine nditagwada, ndikupukuta ndi thaulo langa. A supavaiza anaimitsa pamenepo n'kuuza mudiri kuti aone mmene mnyamata uyu amagwirira ntchito, mpaka kugwada, palibe wina pa kampani yonse. Kenako anapititsa patsogolo. Madala anaoneka akuvula masilipasi, akuponda mphasa ndi mapazi opanda kanthu. Anaonetsa tsiku lina, n'linanso, chimodzimodzi.

Mudiri anafunsa kuti munthu wotsuka zimbudzi amafuna chiyani pa mati a ana, opanda nsapato, mati atayeretsedwa kale. Anafunsanso kuti ankamutsegulira ndani. Ndisanatsegule pakamwa madala anayankha m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti ankalowa okha akapeza chitseko chili chosakhoma, ndipo ine ndinkangowachitira ulemu ngati wamkulu. Chigamulo chinali chachidule. Lamlungu, tsiku loyamba la sabata kuno, madala abwezedwe ku kampani. Aliyense wa ife ankadziwa tanthauzo lake. Munthu wa msinkhu wawo akabwezedwa ndi mbiri yoti wapatsira ana matenda, kampani simufunira malo ena, imangomudulira tikiti.

Ndinatuluka mu ofesimo ndili ndi chisoni, komanso ndisabise, ndili ndi kampumulo. Ndinkadziuza kuti kulakwa kwanga kunali chifundo chabe.

Lachinayi m'mawa ndinapeza a nesi atamata pepala pa chitseko cha holo, lonena za kasamalidwe ka mati masewera akadzayambiranso. Ndinayamba kuliwerenga monyozera, kuti tione zomwe akufuna kundiphunzitsa. Mzere woyamba unali wa anyamata, kuti azisamba akangomaliza ndipo asamabwerekane mathaulo. Wachiwiri unali wa kochi, kuti aziona khungu la aliyense asanakwere pa mati. Wachitatu unali wanga. Unati mankhwala akathiridwa, mati akhale onyowa mphindi khumi kuti tizilombo tife, osapukuta, aume okha. Pansi pake panalinso mawu akuti nsalu iliyonse yokhudza mati ichapidwe ndi madzi otentha n'kuumitsidwa tsiku lomwelo.

Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinapita ku sitolo, ndinagwada pa chigubu chija, ndipo kuseri kwake, m'timalemba ting'onoting'ono ta Chiarabu ndi Chingerezi, mphindi khumi zija zinalipo. Zinalipo kuyambira tsiku lomwe ndinafika. Ine mankhwalawo sindinkawapatsa ngakhale mphindi imodzi. Ndinkawathira ndi dzanja ili n'kuwachotsa ndi linali. Ndinatsegula kabati yanga n'kutenga thaulo lija. Linali lonyowa monga mwa masiku onse, ndipo m'mphepete munali timadontho takuda. Fungo lake ndinkalimva kale, koma ndinkati ndi la mankhwala. Kwa miyezi yonseyi ndinkatola thukuta la dzulo n'kulipaka pa mphasa ya lero, ngodya ndi ngodya, mosamala kwambiri. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Manyazi anandigwira mpaka ndinakhala pa ndowa.

Chinanso ndinachiona msanga. Palibe amene ankadziwa. A nesi sanaonetsedwe makamera, ndipo amene anawaona ankandiyamikira. Ndikanangotaya thaulo m'bini, Lamlungu n'kuyamba kutsatira pepala, nkhani ikanathera pa madala.

Lachisanu sitigwira ntchito. Madala atabwerako ku mzikiti anandipempha kuti ndiwaperekeze ku msika wa katundu wakale ku Najma komweko, akafune sutikesi. Dzuwa linali lophulitsa mutu. Tinadutsa pakati pa mafiriji ndi mipando yakale mpaka pa mulu wa masutikesi, madala n'kumayesa mazipi imodziimodzi. Ndinapirira mpaka sutikesi yachitatu.

“Madala, siyani kaye. Zipere zija si inu ayi. Ndine.”

Ndinawafotokozera za pepala, za chigubu ndi za thaulo. Anamvetsera dzanja lili pa zipi. Kenako anandifunsa ngati ndauzako wina. Ndinati ayi.

“Ndiye khalas, usauze munthu,” anatero. “Iwe ana ako ndi aang'ono. Ukakayankhula, akakansela viza yako, ndipo yanganso sabweza. Tikakwera fulaiti tonse awiri wapindula ndani?”

“Ndiye mupite inu pa mlandu wanga?”

“Ine ndakula, mphwanga. Kumudzi ndikanapitabe, inshallah, chaka chino kapena chamawa.” Anatseka zipi, n'kuitsegulanso. “Kupita sikukundiwawa. Chikundiwawa ndi chomwe alembe pa fayilo. Ine ndimasamba mapazi awa kasanu pa tsiku kuyambira ndili mwana. Lero ndikafike kwathu, anthu a ku mzikiti andifunse, ndiziti anandichotsa chifukwa cha uve?”

Ananena motsitsa, akuyang'ana sutikesi. Ine ndinakwiya, ndipo ndinadzikwiyira ndekha. Nkhuyu zodya mwana zinali kupota wamkulu ine ndikuonerera. Ndinawalanda sutikesi ija n'kuibwezera pa mulu, ndipo ndinawauza kuti asagule kanthu mpaka Lamlungu masana. Anati ndine wamakani ngati mbuzi ya pa chingwe. Ndinati zimenezo mayi anga anazinena kale.

Sindinapite chimbulimbuli. Ndinadziwa kuti ndikayambira kwa a supavaiza nkhani ifera pomwepo, chifukwa iwo ndi amene anandipatsa botolo lopanda malemba, ndipo sakanafuna kuti zimveke. Lamlungu basi itangotitula, ndinaika thaulo m'jumbo n'kulunjika kwa a nesi. Anatsegula jumboyo, n'kuitseka msanga. Ndinawauza zonse monga zinalili, osachotsera. Kenako ndinawapempha zinthu ziwiri: akaone okha makamera aja, komanso aone mapazi a madala asanakwezedwe basi yobwerera.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti ntchito ingandithere. Ndinati ndikudziwa, koma ntchito yokolopa ndimaitha, ndikaipeza kwina, pamene madala dzina lawo sakalipeza kwina.

Madala anaitanidwa. Anakhala pa bedi la odwala mwamanyazi, n'kuvula nsapato. A nesi anavala magolovesi, anaona pakati pa zala chimodzichimodzi, zikhadabo, zidendene, kenako mikono, khosi ndi m'mutu. Sanapeze kanthu ngakhale kadontho. Ananena okha kuti akanakonda anyamata a timu akanakhala ndi mapazi otere. Kenako anati nanenso ndivule. Ndinapezeka bwino, ngakhale masokosi anga sanandichitire umboni wabwino.

Ku ofesi ya mudiri tinalowa anayi, ine, madala, a nesi ndi a supavaiza, jumbo ili m'manja mwanga. Ndinaiika pa tebulo lawo lagalasi n'kupempha kuti abwezere chithunzi chija pomwe ankandiyamikira. Nditaonekanso nditagwada, ndinati apa ndi pomwe pali vuto, osati pa bambo awa. Ndinafotokoza kuti kwathu pansi ponyowa ndi chizindikiro cha ulesi, kuti ndinkachita zomwe ndinkadziwa kuti ndi ukhondo, ndipo ndinalakwitsa. Ndinawonjezera kuti chitseko ndinkatsegula ndine, madala sanalowepo okha ngakhale tsiku limodzi.

A nesi sanandikometsere ndipo sanandiipitsire. Anati komwe chipere choyamba chinachokera palibe angadziwe. Mwina mwana anachitenga kometa, mwina kwa mnzake wa sukulu ina, ndipo pa masewera otere chimayenda kwambiri khungu ndi khungu. Koma anati mati omwe mankhwala ake amachotsedwa asanagwire ntchito, n'kupukutidwa ndi nsalu yotere, sangateteze mwana aliyense. Za madala anati alibe chilichonse choti n'kupatsira munthu, ndipo alemba zimenezo ndi dzanja lawo. Anafunsanso chifukwa chake mabotolo a antchito alibe malangizo. A supavaiza anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa yankho.

Mudiri anakankha jumbo ija ndi cholembera kuti italikire. Anati ine ndilandira kalata ya chenjezo, ndipo ndikadzalowetsanso munthu mu holo popanda chilolezo ndidzapita tsiku lomwelo. Madala abwerere ku makolido awo, koma pa mati asadzapondenso. Ndinasaina kalatayo mosadandaula. Ndinaisunga mpaka lero m'chikwama momwe muli pasipoti, chifukwa pa makalata onse omwe ndalandira pa ntchito, imeneyo ndi yomwe ndinaigwirira ntchito kwambiri.

Tili pa kolido madala sanandithokoze. Anangoti, “Wamakani iwe,” n'kutenga tsache lawo.

Masewera anayambiranso zipere zitapola. Kochi anayamba kuimika anyamata pa mzere tsiku lililonse, malaya m'manja, ndipo akakayikira kadontho ankandikodola kuti ndidzaone nawo. Ndinkapita mosachedwa, ndipo sindinawakumbutse za kukhulika kuja koposa kawiri. Koma ntchito yanga yeniyeni inasanduka yovuta kuposa kale. Kuthira mankhwala n'kuima, kumayang'ana mphasa ili yonyowa, mizere ya chikolopa ikuoneka, manja ankandiyabwa. Tsiku lina ndinawauza mayi pa foni kuti masiku ano ndimakolopa n'kusiya pansi pali ponyowa dala. Anafunsa ngati ndinakwera ndege ulendo wonsewo kukaphunzira ulesi.

Mawondo a madala ndiwo anatsala opanda thandizo, chifukwa anabwerera pa matailosi a m'kasitolo ka matsache. Ku sitolo ya holo kunali chidutswa cha mphasa yakale chomwe chinkangodya malo. Ndinapempha kochi, ulendo uno ndinapempha ndithu, ndipo anandilola. Ndinachidula kukula kwa kansalu ka madala, ndinachithira mankhwala, n'kuchisiya chiume chokha. Kenako ndinachiyala pa kolido, kunja kwa chitseko cha holo, pomwe kamera imaona bwinobwino.

Kuyambira pamenepo masana athu anakhala otere. Ine ndikathira mankhwala pa mphasa yonse, ndinkatuluka chambuyo, kukhoma chitseko, kiyi m'thumba. Nthawi yomweyo madala ankafika atatawaza, n'kuyala kansalu kawo pa chidutswa chija. Ndinazindikira kuti swala yawo ya masana, akaichita mosathamanga, inkatenga pafupifupi mphindi khumi zomwezo. Ndinasiya kuyang'ana wotchi. Ndinkaima chotsamira chitseko, manja kumbuyo, mpaka atatembenuzira nkhope kumanja ndi kumanzere pomaliza swala, ndiye ndinkadziwa kuti mankhwala agwira ntchito yake.

Tsiku lina ndinaona kuti swala ikutalika. Anamaliza, anakhalabe pansi, akuwerenga mapemphero pa zala pang'onopang'ono, ine ndikusinthasintha miyendo. Atadzuka ndinawafunsa ngati masiku ano machimo achuluka.

“Ayi,” anatero akupinda kansalu kawo. “Ndimaona mmene dzanja lako limapitira ku kiyi. Ndimawonjezera pang'ono kuti ungapupulume.”

Ndinatsegula chitseko. Mphasa inali itayamba kuuma yokha, yosawala, mizere ya chikolopa ili mbwee. Madala anasuzumira ali pakhomo, mapazi awo ali kunja kwa mzere, ndipo anati yayera.